Malata a Mayi Esinala

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kukodolana ndi kunong'onezana. Musavutike, ndikuthandizani: ndine yemwe uja. Lufeyo Banda wa ku Chamama, amene anamangidwa chifukwa cha malata. Anandipempha kuti ndilankhule ndi inu amene mwangosankhidwa kumene m'makomiti a chitukuko, ndipo ndinavomera. Dzulo munaomberedwa m'manja, lero akupatsani mabuku ndi zolembera. Inenso ndinakhalapo pa benchi ngati lomwelo, nditavala jekete, ndikudziona ngati munthu wosagwedezeka.

Ine ndine mlimi wa fodya wa bale, ndipo nthawi imeneyo ndinalinso mkulu wa mpingo. Atandisankha kukhala tcheya wa komiti ya dera lathu palibe anadabwa. Chaka chimenecho khonsolo inalandira thandizo la ndalama nkuligawa m'madera, ndipo ife tinauzidwa kuti tikhale pansi tione pofunika. Tinakangana masiku awiri. Tinamvana kuti gawo lina lipite ku mjigo, lina ku kanyumba kochitiramo sikelo ya ana, ndipo lotsala lithandize anthu osowa pogona kuti akhale ndi nyumba zamalata. Lamulo linali lakuti mwini nyumba aumbe yekha njerwa nkumanga zipupa, thandizo limupatse malata, misomali ndi chitseko.

Polemba mayina ndi pamene panabuka phokoso. Panali mayi ena, mayi Esinala, ochokera kummwera, amene anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Amunawo anamwalira, anaikidwa konkuno, ndipo mwini esiteti anafuna kanyumba kawo kuti alowetsemo banja lina. Mpingo unawapatsa kamalo kakang'ono, iwo ndi ana awo awiri aakazi. Ena mu komiti anati, "Amenewa ndi obwera, thandizo ili ndi la eni mudzi." Ine ndinaimirira, ndinamenya tebulo. Ndinati, "Fodya amene mumanyadira ku okushoni amathyola ndani? Thukuta lawo likamagwera m'minda mwanu si obwera, koma pa malata ndiye akhala obwera?" Dzina lawo linalowa chifukwa cha pakamwa panga. Gwirani bwino mfundo imeneyi, abale anga, chifukwa ena mumaganiza kuti wakuba amabadwa ali wakuba.

Mayi Esinala anaumba njerwa ndi manja awo, amayi anzawo a kumpingo akuwathandiza kutunga madzi. Nkhuni zootchera zinali zochepa, ndiye njerwa zina zinapsa theka. Mmisiri anamanga ndi matope mpaka pamwamba, mitengo ya denga anakhoma, kungotsala malata basi.

Malatawo anafika mochedwa, mu Febuluwale, mvula ili pakati. Lole inatitimira isanapitirire kwathu, ndipo popeza ine ndinali ndi chipinda cha loko, katundu yense anatsitsidwira pakhomo panga. Sabata isanathe aliyense anali atabwera ndi ngolo ya mlamu wake kapena ya malume ake nkutenga zake. Mayi Esinala analibe ngolo, analibenso mlamu. Malata awo makumi awiri ndi anayi anatsala atatsamira khoma.

Apa ndiye pamene satana anandipeza, ndipo sanabwere ndi nyanga ayi, anabwera ndi dontho la madzi. Shedi yanga yosungiramo fodya wouma inali yaudzu, udzuwo utaola. Inu alimi mukudziwa: fodya akanyowa nkuchita chuku, chaka chonse mwalimira mphepo. Ndinkayang'ana denga likudontha, ndinkayang'ana malata ali phee m'chipinda. Ndinadziuza kuti sindikuba, ndikungobwereka. Msika ukatsegulidwa ndigulitsa mabelo awiri nkugula ena atsopano. Ife a fodya matenda athu ndi amenewo, chilichonse timati tidzakonza tikagulitsa. Ndinawakhoma tsiku limodzi. Pa pepala la olandira, pa dzina la mayi Esinala, ndinaviika chala changa mu inki nkudinda.

Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi kuposa zonse. Akanakhala malata a munthu wa pamudzi pano, wokhala ndi abale aphokoso, sindikanawakhudza. Ndinalimba mtima chifukwa ndinkadziwa kuti mayi aja alibe wowalankhulira. Wowalankhulira wawo ndinali ine ndemwe.

Kuyambira tsiku limenelo sindinaonenso mtendere. Dzuwa litangotuluka, malata aja anawala mbee, munthu kuwaona ali kumsewu. Ndinathamanga kukazula udzu pa khola nkufolera pamwamba pake. Tangoganizani, anthu amachotsa udzu kuti aike malata, ine ndikubisa malata ndi udzu! Njinga yamoto ikangolira kumsewu, ine ndimvekere basi alangizi a ku khonsolo afika. Ku tchalitchi mbusa akayang'ana mbali yanga ndinkaweramitsa mutu mu buku la nyimbo. Kenako ndinayamba kachasu, ine mkulu wa mpingo, kuti mtima uzikhala pansi. Ndinkabisa botolo m'chigafa, kuseri kwa mikangala ya fodya, nkumamwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Mkazi wanga Naphiri sanachedwe kuzindikira. Tsiku lina anaima pakhomo pa shedi, dengu la fodya lili pamutu, nkulitula panja.

"Bambo a Tiyamike, malata awa ndi a ndani?"

"Iwe zikukukhudza bwanji? Nkhani za komiti zisiye."

"Chabwino. Koma ine m'menemo sindilowamo. Fodya wanuyo muzisankha nokha."

Ndinamukalipira, ndinati mkazi wopanda nzeru, udya chiyani fodya akaola. Koma iye sanalowemodi.

Mayi Esinala ankabwera sabata iliyonse, wapansi, mtunda wonse uja. Ankagwada patali nkufunsa, "A tcheya, kaya kwamveka chiyani?" Ine yankho linali limodzi: "Amayi, zinthu za boma zimachedwa. Anu anaperewera, akubwera ulendo wachiwiri." Tsiku lina ali pakhomo panga mvula inayamba, ndipo posowa pothawira ndinawalowetsa m'shedi momwemo. M'kati ndinali nditayala masaka kudenga kuti malata asaoneke. Anakhala pa belo, anayang'ana pansi pouma, anati, "Koma shedi yanu ndi yabwino, siidontha ngakhale pang'ono." Thukuta linandituluka, kunja kukuzizira.

Mwini esiteti atatopa kudikira, anawatulutsa. Analowa m'nyumba yopanda denga ija, nkumanga pepala la pulasitiki ndi timaudzu pa chipinda chimodzi. Ndinamva, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe chimene mvula imachita ndi chipupa cha matope chosafoleredwa. Ndinangowonjezera botolo.

Linali Lachitatu masana, kutagwa mvula masiku atatu osalekeza. Ndinali m'munda pamene mlembi wa komiti yathu, a Mwale, anafika pa njinga ali wefuwefu. "A tcheya, kwa mayi Esinala chipupa chagwa. Chawapsinja." Masamba amene ndinanyamula anagwera m'matope. Ndinafunsa kuti afa kodi. Anati ayi, ana anali kusukulu, koma mayiwo chawaphwanya mwendo ndipo awatengera kuchipatala ku boma. Kenako anati, "Komiti yagwirizana kuti inu monga tcheya mukawazonde m'malo mwa tonse."

Masiku awiri ndinazemba, ndikunamizira malungo. Tsiku lachitatu lake ndinakwera galimoto, nditanyamula shuga ndi buledi. Njira yonse ndinkaona apolisi okhaokha m'maganizo. Ndinkati mwina wina wawauza kale, mwina ndikangolowa akuwa kuti wakuba uyo, anthu nkundigwira pomwepo.

Ndinawapeza atagona chagada, mwendo wonse uli m'chikhakha, nkhope itatupa mbali imodzi. Atandiona anayesa kudzuka kuti andipatse ulemu. Ndinati gonani amayi, gonani.

"A tcheya, mwavutikiranji ulendo wonsewu, nthawi ya fodya ino?"

Ndinaika shuga pa kabati. Tinalonjerana. Kenako anati, "Mwachita bwino kubwera. Ine sukulu sindinapite. Muli ndi cholembera? Ndikufuna mundilembere kalata yopita ku khonsolo."

Apo ndinati basi, kwanga kwatha. Ndinang'amba tsamba mu buku la komiti, ndinaliika pa bondo. Iwo ankalankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana kudenga, ine ndikulemba.

"Lembani kuti ine Esinala ndathokoza chifukwa chondiganizira. Lembani kuti malata aja akadzabwera apatse wina, ine ndalephera kudikira. Ndikatuluka muno ndibwerera kwathu kummwera ndi ana anga."

Ndinafunsa, "Kwanuko muli ndi malo, amayi?"

"Malo ake ati? Tikanakhala ndi malo tikanabwera kudzasoka fodya wa eni? Ndikapempha khonde kwa achemwali. Ana asiya sukulu, akafune ganyu. Chondiwawa ndi manda a bambo awo, atsala okha kuno." Kenako anawonjezera kuti, "Lembaninso kuti a tcheya anayesetsa, asawadzudzule. Pakanapanda iwo dzina langa silikanalembedwa nkomwe."

Ndinalemba mawu amenewo ndi dzanja langali. Iwo anadinda chala, ndinapinda kalata nkuiika m'thumba la jekete, ndinatsanzika.

Panja pa chipatala pali mtengo pamene odikirira odwala amayanika zovala. Ndinakhala pa muzu wake. Ndipo mutu unayamba kuwerengera wokha. Kalata iyi ikuyenera kudzera m'manja mwanga, ndikhoza kuing'amba. Pepala la ku khonsolo likuonetsa kuti analandira. Mwini wake akupita kutali, sadzabweranso, ndipo palibe adzafunse za munthu wobwera. Mlandu watha. Abale anga, ndinamva mtima wanga ukupepuka. Ndinamva kukoma. Ndinapezeka ndikumwetulira ndekha pansi pa mtengo paja.

Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandiopsa kuposa njinga zamoto zonse ndi apolisi onse. Ndinadzifunsa kuti kodi amene wakhala pa muzuyu ndani? Mayi wathyoka mwendo, ana awiri akusiya sukulu, banja likupita kukagona pakhonde la eni, ine ndikusangalala. Miyezi yonse ija ndinkaopa kugwidwa. Tsiku limenelo ndinaopa kusagwidwa, chifukwa ndinaona kuti ndikapulumuka ulendo uno, chaka chamawa ndidzatenga simenti ya mjigo ndipo sindidzatulukanso thukuta. Ndinkanjenjemera ngati wamalungo enieni, mpaka mayi wina amene ankayanika chitenje anandifunsa ngati ndataya m'bale.

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinaimirira katatu nkukhalanso pansi. Ulendo wina ndinafika mpaka pageti, ndikuona galimoto ya ku Chamama ikuitanira anthu. Koma miyendo inandibweza. Ndinalowanso mu wodi, ndinagwada pambali pa bedi pamaso pa odwala onse.

"Amayi, malata anu sanachedwe. Anabwera limodzi ndi a anzanu. Ali kwathu, ndinafolera shedi yanga ya fodya."

Sanakuwe. Anatembenuza mutu nkundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Febuluwale."

"Ndiye tsiku lija ndinausa mvula kwanu lija..."

"Anali omwewo, amayi."

Anatseka maso. Misozi inatsika kulowera m'khutu. Kenako anatambasula dzanja. Ine ndinaganiza kuti akufuna kugwirana chanza, koma anati, "Ndipatseni kalata yanga." Ndinawapatsa. Anaiika pansi pa pilo. "Tsopano tulukani."

M'mawa mwake ndinakwera pa shedi, ndinakokolola udzu, ndinayamba kuzula misomali. Naphiri anabwera osaitanidwa nkumalandira malata pansi. Apa ndi pamene ndinaona uchitsiru wa mawu aja akuti ndangobwereka. Lata ukalikhoma silibwereranso mwakale. Lililonse linali ndi mabowo m'mizere, lina litapindika m'mphepete. Tinawakweza pa ngolo. Naphiri anati, "Mudzere njira ya kudambo, lero ndi tsiku la msika." Ndinati ayi, ndazemba mokwanira. Ndinadutsa pakati pa Chamama ng'ombe zikuyenda mwaulesi, malata akulira kumbuyo, anthu akuwerenga mabowo aja ndi maso. Wina anakuwa, "A tcheya, malata obooka kale mwagula kuti?" Anthu anaseka.

Ndinakawatula kwa a Mwale, ndinaitanitsa komiti yonse, ndinanena zonse, ndi za chala chija. Komiti inadziwitsa khonsolo, nkhani inapita kupolisi. Ku khoti sindinakane chilichonse. Woweruza anaganizira zoti ndinadziulula ndekha, komabe anati munthu wavulala ndipo ndinanamiza boma, ndiye ndinakalowa miyezi isanu ndi umodzi. Za m'ndende sindikufuna kukometsera. Tinkagona mothithikana, nsabwe, fungo la ndowa, ndipo thupi likamafuna kachasu ndinkanjenjemera anyamata akundiseka kuti abusa agwidwa ndi mizimu. Mpingo unandidula. Mwana wanga wamkazi ankatchedwa mwana wa Malata kusukulu. Fodya uja ndinkamuteteza theka anachita chuku ndithu, shedi itatsala yopanda denga.

Kubwerera kunayamba ndisanatuluke. Ndinatuma mawu kwa Naphiri kuti fodya wotsalayo akagulitsidwa, asagule feteleza kapena china chilichonse asanagule malata atsopano, simenti ndi njerwa zopsa bwino. Anachita zomwezo, ndipo anagulitsanso ng'ombe imodzi ya pangolo. Amuna a mumpingo anamanganso nyumba ija, ulendo uno ndi simenti. Mayi Esinala sanapite kummwera, ana awo sanasiye sukulu.

Nditatuluka ndinayamba ndi botolo. Ndinauza mayi amene ankanditchezera kachasu, pamaso pa mkazi wanga, kuti akadzandigulitsanso adzakhale ngati wandithira chiphe. Ndinagwa kawiri, sindibisa, koma kawiri konseko ndinakanena ndekha kwa mkulu wa mpingo amene anandipatsa kuti aziyenda nane. Ku tchalitchi ndinabwerera ku benchi la kumbuyo, ndinalowanso kalasi pamodzi ndi ana amsinkhu wa zidzukulu zanga. Udindo uliwonse wokhudza katundu wa anthu ndinaukana, ndipo mpaka lero ngakhale mbale ya chopereka sindigwira. Si kuti ndine woyera tsopano, koma ndikudzidziwa.

Inu atsopano, tamverani kuno. Katundu wa thandizo asagone pakhomo pa munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale mbusa. Lole ikatitimira, fukulani, kapena sungani kusukulu maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osachokera banja limodzi. Mayina a olandira awerengedwe pagulu ndipo mwini wake adinde chala anthu akuona. Amene alibe ngolo, komiti imupititsire tsiku lomwelo, ndipo muziyamba ndi iyeyo, chifukwa katundu wa munthu wopanda abale ndiye amachedwa kuchoka ndipo ndiye amayesa mtima. Mudzamva anzanu akuseka kuti mbuzi imadya pamene yamangidwa. Musaseke nawo. Ndipo ngati alipo pano amene wabwereka kale kanthu, matumba awiri a simenti, mapaipi a mjigo, akudikira kuti agulitse fodya, ndikukupemphani, musadikire msika. Kanenedi lero, chipupa chisanagwe. Mundipeze panja tikamaliza, ndikuperekezani.

Mwina mukufuna kumva kuti mayi Esinala anandikhululukira, tinakumbatirana, nkuimba nyimbo. Inenso ndikanakonda zikanatero. Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kupita kwawo. Nditafika ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndodo ili pambali, chifukwa mwendo uja unapola mokhota ndipo kumunda sangathenso kugwira tsiku lonse. Anatuma mwana kuti anditulutsire mpando panja. M'nyumba sanandilowetse. Ndinapepesa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka ntchito.

"Ndamva, a Banda," anatero. "Nyumba ndi iyi, siidontha, ana akugona bwino. Chidani ndilibe, ndilibe nthawi yake. Koma musandipemphe kuti ndiiwale. Mwendo uwu umayamba kuwawa mvula ikatsala pang'ono kugwa. Ukangoyamba, ndimachotsa zovala pachingwe, ndipo ndimakukumbukani."

Tayang'anani pawindopo, kwayamba kuda cha ku Lisasadzi. Inu mukuganiza za mbewu zanu kumunda. Ine ndikudziwa kuti pakali pano kuli mayi wina amene akutsimphina kupita pachingwe, ndipo dzina limene lili m'mutu mwake ndi langa.